Zaulere zanuzo zinkadya mayunitsi

Sukulu za m'Malawi zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, sabata isanathe n'komwe ndinali nditalandira mndandanda umodzimodzi katatu pa WhatsApp: pagulu la kuntchito, pagulu la kutchalitchi ndi pagulu la anzanga akale a kusekondale. Unali m'Chingerezi, ndipo unkalonjeza masamba ambirimbiri a pa intaneti pomwe ana ang'onoang'ono angaphunzire kwaulere ali pakhomo. Khan Academy Kids inalipo, BBC Bitesize inalipo, pamodzi ndi makanema a pa YouTube ophunzitsa malembo ndi manambala. Ndinachita zomwe aliyense ankachita. Ndinadina n'kutumiza kwa achemwali anga, amene amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wina kunja kwa mzinda wa Blantyre, ndipo mwana wawo wamkazi nthawi imeneyo anali sitandade 2. Usiku umenewo ndinagona mtima uli m'malo, ngati malume woganizira ana.

Yankho linabwera patapita masiku atatu, poti achemwali amatsegula intaneti pokhapokha malonda akayendako bwino. Linali lalifupi: "Achimwene, zikomo, ndaziona. Koma ndizitani?"

Mpaka lero sindinapeze munthu aliyense mwa ife otumiza mindandanda amene angayankhe funso limeneli popanda kuchita manyazi. Ndikuti ife chifukwa mlanduwu sindikuusenzetsa azungu amene anakonza masambawo. Iwo anakonzera ana awo, m'chinenero chawo, poganizira nyumba zawo. Mlandu uli ndi ife ophunzira a m'tauni, akuluakulu a m'maofesi ndi a mabungwe, amene tinatola mankhwala a matenda a kwa eni ake n'kumagawa kuno, kenako n'kumadabwa kuti odwala sakuchira.

Tiyambe ndi mawu akuti "kwaulere". Kwa mwini tsamba, mawuwa amangotanthauza kuti iyeyo sakulipiritsani. Koma musanafike pakhomo pake mumakhala mutalipira kale ena panjira. Pafunika foni yamakono, osati tamabatani tija tinkati Mose wa lero. Pafunika bandulo, ndipo ola limodzi la kanema limatha kumeza ma megabaiti mazana angapo. Pabandulopo boma limatengapo msonkho, kuphatikizapo wa 10 kwacha pa 100 kwacha iliyonse womwe unaikidwa mu 2015. Pafunikanso moto wa mufonimo, womwe ambiri amakagula kwa wometa tsitsi kapena pa kaokala kokhala ndi sola. Zili ngati munthu kukuitanirani ukwati wa ku Karonga inu muli ku Nsanje, n'kumakutsimikizirani kuti nsima ikakhala yaulere.

Ndipo si kuti zimenezi sizinkadziwika. Kalembera wa 2018 anali atatiuza kale kuti m'dziko muno muli anthu 17.5 miliyoni, oposa 80 mwa 100 aliwonse ali kumudzi. Anatiuzanso kuti nyumba zoyatsa magetsi zinali pafupifupi 11 zokha mwa 100, zokhala ndi foni ya m'manja zinali theka, ndipo zofikira intaneti sizinkakwana imodzi mwa zisanu. Manambalawa anali m'mashelefu a maofesi omwewo amene ankatilangiza kuti ana apitirize kuphunzira pa intaneti.

Chachiwiri, mindandanda imeneyi inkalankhula ndi kholo lomwe kuno kulibe. Inkaganizira mayi kapena bambo amene watsekeredwa m'nyumba, akugwirira ntchito pa kompyuta, mwana ali pambali pake, ndipo vuto lake n'loti mwanayo amupatse chiyani kuti asamusokoneze. Kuno sizinali choncho. Boma litalengeza m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo 2020, ochita malonda m'misika anachita zionetsero, ndipo bwalo lalikulu la milandu linauimitsa usanayambe. Anthu anapitiriza kupita kumsika, kumunda ndi kuganyu, chifukwa kukhala pakhomo kunali kugona ndi njala. (Andale nawo anapitiriza kudzaza mabwalo a misonkhano pokonzekera chisankho cha pa 23 Juni, makalasi ali otseka, koma imeneyo ndi nkhani ina.) Achemwali ankanyamuka tambala wachiwiri atangolira kukapikula tomato, ndipo foni inkapita nawo, poti ndi momwe amalankhulirana ndi oodetsa komanso kulandirira ndalama. Ankabwerera kutada, foni itatsala kamzere kamodzi. Pakhomo pankatsala mwana, mlongo wake wa zaka zitatu ndi agogo. Nanga sukulu ya pa intanetiyo ikanalowa nthawi yanji, ndipo mphunzitsi wake akanakhala ndani?

Koma chomwe chimandipweteka kwambiri ndi chinenero, ndipo apa ndichedwapo pang'ono. Loweruka lina ndinapita kukawaona, nditadzaza bandulo m'foni yanga kuti ndikasonyeze mmene zimenezi zimayendera. Tinakhala pakhonde, ndinatsegula kanema wa malembo. Mwana anasangalala ndi mitundu ndi tinyama tovina. Atatha kuonera ndinalemba chilembo e pansi n'kumufunsa kuti ichi n'chiyani. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana foni, kenako anati "i". Mwanayu ankachidziwa chilembo chimenechi. Aphunzitsi ake anali atamufikitsa kale pa ba be bi bo bu, ndipo ankatha kulumikiza maphatikizo n'kuwerenga mawu ngati "ababa" ndi "mutu". Koma m'Chingerezi dzina la e limamveka ngati i wathu, dzina la i limamveka "ai", ndipo la a limamveka "ei". Mphindi khumi za kanema wanga zinasokoneza zomwe mphunzitsi wa ana oposa 100 m'kalasi imodzi anavutikira chaka chathunthu.

Chichewa chili ndi mwayi umene Chingerezi chilibe. Malembo athu a liwu ndi asanu, ndipo chilichonse chimamveka chimodzimodzi paliponse pomwe chalembedwa. Mwana akagwira maphatikizo, khomo latseguka, amatha kuwerenga ngakhale mawu amene sanawaonepo. Mapulogalamu ophunzitsa kuwerenga Chingerezi amathera nthawi yaitali pa zovuta za kalembedwe ka Chingerezicho, ndipo amayamba ndi chikhulupiriro choti mwanayo amalankhula kale chinenerocho, akungofuna kudziwa mmene chimalembedwera. Mwana wa achemwali sankadziwa tanthauzo la mawu ambiri amene ankamuuza kuti abwereze. Ankangotsanzira ngati chinkhwe.

Ndikudziwa zomwe ena anene: makolo eni akewo amafuna Chingerezi. N'zoona. Achemwali nawonso amachifuna, ndipo sindingawadzudzule, poti mayeso a sitandade 8 ndi ntchito zonse za muofesi zimadutsira pamenepo. Ngakhale kuwerengera, ana athu amayamba ndi wanu, thu, fili. Lamulo la zamaphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti zimenezi ziziyambira sitandade 1. Koma kufuna kuti mwana adzadziwe Chingerezi n'kosiyana ndi kumuphunzitsa kuwerenga koyamba m'chinenero chomwe sakumva. Ndipo sukulu ikatsekedwa, nkhaniyi imakula, chifukwa wothandiza mwana pakhomo ndi munthu amene Chingerezi chake chinathera sitandade 6, kapena agogo amene amawerenga Baibulo ndi buku la nyimbo m'Chichewa bwinobwino koma Chingerezi ayi. Chinthu chikabwera m'Chichewa, agogo ndi mphunzitsi. Chikabwera m'Chingerezi, agogo amasanduka mlonda wongoyang'anira kuti foni isagwe. Ndikanena Chichewa ndikunenanso Chitumbuka ku Rumphi, Chiyao ku Mangochi, Chisena ku Chikwawa, komanso Chinyanja kwa abale athu a ku Chipata ndi ku Angónia.

Mindandanda ija inachitanso chinthu china choipa mwakachetechete. Inasamutsa udindo. Munthu akatumiza malinki amakhala kuti wachita mbali yake, ndipo mwana akapanda kuphunzira, wolakwa ndi kholo. Ndinamvapo ndi makutu angawa anthu ovala bwino akudandaula kuti makolo akumudzi alibe chidwi ndi maphunziro a ana awo. Mayi amene amadzuka usiku kuti apeze ya yunifolomu ndi makope alibe chidwi? Achemwali anandiuza pambuyo pake kuti atalandira uthenga wanga uja anadziona wolephera, ngati pali chinthu chomwe amayi ena onse akuchitira ana awo koma iwo okha ayi. Mphatso yanga inali imeneyo.

Boma linayesako, tisanamizire. Unduna wa Zamaphunziro unagwirizana ndi makampani a mafoni kuti ophunzira a kusekondale azitsegula maphunziro ena pa intaneti osadya bandulo. Ana a kupulayimale anawakonzera maphunziro a pa wailesi ya MBC ndi mawailesi a m'madera. Wailesi inali nzeru yabwino kuposa malinki, chifukwa imalankhula chinenero cha pakhomo ndipo ngakhale tifoni tamabatani timagwira. Koma inayamba patapita miyezi pafupifupi iwiri, pomwe luso lake tinali nalo kale kuchokera ku pulogalamu ya Tikwere, yomwe ana a m'makalasi oyambirira ankamvera zaka za m'mbuyomo. Kalembera yemwe uja anapezanso kuti nyumba yokhala ndi wailesi inali imodzi mwa zitatu. Ndipo mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sakhala yekha pa wailesi n'kumalemba. Pafunika wina womukhazika pansi, ndi pepala loti aziona zomwe akumvazo. Za ana a sukulu zamkombaphala, amene alezi awo ambiri amagwira ntchito mongodzipereka, ndi ochepa amene anazikumbukira.

Wina asandiyese wodana ndi zipangizo zamakono. Umboni woti zikhoza kuthandiza uli konkuno. Bungwe la ku Britain la onebillion linakonza pulogalamu yophunzitsa kuwerenga ndi masamu m'Chichewa, yomwe kwa zaka zingapo yakhala ikugwiritsidwa ntchito m'sukulu zina za boma mothandizana ndi VSO. Mu 2019 bungweli linali limodzi mwa awiri opambana mpikisano wa Global Learning XPRIZE, atayesa pulogalamu yake ya m'Chiswahili m'midzi ya ku Tanzania. Taonani kusiyana kwake ndi mndandanda wanga uja. Zonse zili kale m'tabuletimo, sipafunika netiweki kapena bandulo. Moto wake ndi wa dzuwa. Mawu olankhula mmenemo ndi oti mwana amawamva, ndipo amatha kuyenda nayo yekha pa liwiro lake. Kuyambira 2023 boma likufalitsa matabuleti amenewa m'makalasi a sitandade 1 mpaka 4 kudzera m'ndondomeko ya BEFIT. Ndikuyamikira. Funso langa n'lakuti, popeza matabuletiwo amasungidwa kusukulu, tsiku lomwe sukulu idzatsekedwenso adzatsekeredwa limodzi ndi madesiki, kapena pali amene waganizirapo za mmene angafikire ana kumudzi?

Nafenso olemba tisathawe. Tsamba la African Storybook, lomwe bungwe la Saide la ku Johannesburg linatsegula mu 2014, lili ndi timabuku ta ana m'zinenero zambiri za mu Africa, Chichewa ndi Chinyanja zili momwemo, ndipo aliyense ndi wololedwa kutsitsa, kusindikiza, kumasulira kapena kuikapo nthano yake. Pamndandanda womwe ndinatumiza uja dzina limeneli panalibe, ndipo ine sindinazindikire n'komwe kuti palibe. Ine amene ndimadzitcha wokonda chinenero changa ndinali ndisanalembepo kankhani ngakhale kamodzi koti mwana wa sitandade 2 awerenge. Timakonda kulembera akuluakulu anzathu, kenako n'kumadandaula kuti palibe owerenga Chichewa.

Chomwe chinathandiza mwana wa achemwali pamapeto pake n'chochititsa manyazi kuchitchula pakati pa anthu okamba za maphunziro a makono. Ndinatsitsa timabuku tingapo kuntchito, n'kukasindikiza pa kashopu ka fotokope, n'kumanga ndi ulusi. Ndinagula bokosi la choko. Mtsikana wa nyumba yoyandikana, wa fomu 2, amene nayenso ankangokhala, anavomera kuti m'mawa uliwonse azikhala ndi ana anayi a pamalopo kwa ola limodzi, achemwali n'kumamupatsa tomato ndi kangachepe ka sopo. Ankalemba pasimenti ya pakhonde. Masamu ankawerengera zitsekerero za mabotolo. Madzulo agogo ankamvetsera mwana akuwerenga n'kumamukonza, ndipo ankanyadira udindowo kuposa mmene ndinkayembekezera. Intaneti inagwira ntchito kamodzi kokha, tsiku lomwe ndinatsitsa timabukuto, ndipo inagwira m'manja mwa munthu amene anali nayo kale. Sukulu zitatsegulidwa kwa ana a makalasi ang'onoang'ono mu Okutobala, mwanayo anabwerera akuwerenga.

Sindikunena kuti mtsikana wa fomu 2 ndi choko alowe m'malo mwa sukulu. Ndikunena kuti aphunzitsi zikwizikwi anali m'midzi momwemo miyezi yonseyo, pafupi ndi ana awo, ndipo ndalama ndi misonkhano zomwe zinathera pa kukamba za intaneti zikanatha kusindikiza timapepala ta maphatikizo n'kutifikitsa kwa iwo, kwa mafumu ndi kumipingo. Kafukufuku wa MICS wa 2019 mpaka 2020 anapeza kuti mwa ana a zaka 7 mpaka 14, odziwa kuwerenga pa mlingo woyambira sankakwana mmodzi mwa asanu. Ana otere kuwasiya miyezi isanu ndi umodzi ndi malinki kunali kuwataya.

Ndipo sukulu zinatsekedwanso. Mu Januwale 2021 mliri utabwerera, zinatsekedwa. Mu Januwale 2023 kolera inachedwetsa kutsegulira ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anatseketsa sukulu za m'maboma a kummwera, zambiri n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi, magetsi atazima ndi netiweki yomwe ikuvuta. Sabata imeneyo, pagulu lathu la kutchalitchi, munthu wina wa mtima wabwino anatumizanso mndandanda womwe uja wa 2020, osasintha ngakhale chilembo. Anthu anayankha ndi timanja topemphera.

Ndinaimbira achemwali kufunsa ngati nyumba yapirira mvula. Anati khoma la kukhitchini lagwa koma onse ali moyo, ndipo wamng'ono uja, amene tsopano anali sitandade 1, akungokhala. Ndinafunsa chomwe ndingatumize. Anati, "Ufa ulipo pang'ono, achimwene. Mukapeza wobwera kuno mumupatsire choko, chija chinatha."