Mitengo ikubzalidwa, koma njuchi zidya chiyani?

Chaka chilichonse nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala n'kutsekedwa pa 15 Epulo. M'miyezi inayi imeneyi ana asukulu, mipingo, makampani ndi makomiti a m'midzi amatuluka ndi makasu, mbande zili m'machubu akuda, ndipo pamapeto pake akuluakulu amalengeza kuchuluka kwa mitengo yomwe yalowa m'nthaka. Ntchitoyi ndi yotamandika, makamaka poti Malawi inalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030. Koma woyendera nazale za m'midzi amakumana ndi mitengo yomweyomweyo: bulugamu, paini, keshya, malaina. Yonseyi ndi yobwera. Bulugamu kwawo ndi ku Australia, keshya ndi malaina kwawo ndi ku Asia. Imakula msanga, imapatsa nkhuni ndi mapolo, n'chifukwa chake anthu amaikonda. Pamisonkhano yophunzitsa anthu za mitengo pali funso limodzi losamveka kawirikawiri: pamudzi pano njuchi zizidya chiyani mwezi ndi mwezi?

Ena anganene kuti limeneli ndi funso la anthu okhuta. Afunse mayi amene amathyola chiluwe. Iye amadziwa kuti dzungu lili ndi maluwa amitundu iwiri. Lina limaima pakaphesi kowonda, ndipo ndi lomwe amaponya m'lichero kuti likakhale ndiwo. Lina lili ndi kadzungu kunsi kwake, ndipo limeneli salikhudza. Loyambalo ndi lalimuna, lachiwirilo ndi lalikazi, ndipo onse amatseguka mbandakucha n'kufota dzuwa likafika pamutu. Mungu wa dzungu ndi wolemera ndiponso womata, mphepo singaunyamule. Pamafunika njuchi ilowe m'duwa lalimuna, ituluke thupi lonse lili chikasu, ikalowe m'duwa lalikazi m'mawa womwewo, ndipo ulendo umodzi sukwanira. Zikalephereka, kadzungu kaja kamanyala n'kuthothoka. Mwini munda amadandaula za mvula, za mbewu, za nthaka, mwinanso kuganizira mnansi wake zoipa, osadziwa kuti chomwe chasowa ndi kanyama kamapiko.

Lipoti la bungwe la akatswiri la IPBES la mu 2016 linapeza kuti pa mitundu inayi iliyonse ya mbewu zikuluzikulu zodyedwa padziko, itatu imadalira, pang'ono kapena kwambiri, zamoyo zonyamula mungu. Chimanga, mpunga ndi mapira sizili m'gulumo, kotero nsima siidikira njuchi. Zomwe zili pachiswe ndi zimene zimapatsa thupi mphamvu ndi thumba ndalama: maungu, nkhaka, mavwende, mpendadzuwa, mapeyala, mango, makadamiya a ku Thyolo ndi Ntchisi. Ngakhale nandolo ndi khofi wa ku Misuku, zomwe zimatha kubereka pazokha, zimachita bwino koposa njuchi zikamayendamo.

Ndipo ntchitoyi si ya njuchi za uchi zokha. Padziko pali mitundu ya njuchi pafupifupi 20,000, ndipo yambiri siikhala m'mng'oma, siipanga uchi woti munthu afule. Imakhala payokhapayokha, m'timauna ta m'nthaka kapena m'mapesi ouma. Bemberezi, amene amadedwa chifukwa choboola mitengo ya padenga, akatera paduwa la tomato kapena biringano amaligwedeza ndi mkokomo wake mpaka mungu kutuluka, luso lomwe njuchi ya uchi ilibe. Duwa loyera la mlambe limatseguka madzulo, kudikira mileme ndi agulugufe ausiku. Mvunguti nawo umadalira mileme. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, komatu tizilombo tambiri topezeka munthu akang'amba nkhuyu ndi timavu ting'onoting'ono tomwe timalowa pakabowo ka kunsonga titanyamula mungu. Popanda timavu timeneti mbewu za mkuyu sizikhwima.

Zamoyo zonsezi zimafuna chakudya chaka chonse, ndipo apa ndi pamene mitengo yachilengedwe imaposera. Inakula limodzi ndi nyengo za kuno, ndipo imapatsana mpata. Msangu, umene umayoyola masamba m'dzinja n'kusiya chimanga chikule pansi pake, umachita maluwa mvula itatha, nthawi imene minda yayamba kuuma. Muwale umafiira m'chilimwe ulibe ndi tsamba lomwe, mbalame zoyamwa m'maluwa zili piringupiringu. Mombo ndi tsamba zimaphuka kukatentha, mvula isanagwe, mlombwa nawo n'kuvala chikasu. Katope m'mbali mwa mitsinje amamveka phokoso la njuchi munthu akadali patali. Mchenga umadikira mpaka chakumapeto kwa mvula. Uchi wotchuka wa kumpoto chakumadzulo kwa Zambia umachokera m'nkhalango za mitengo yamtundu womwewu.

Kunena zoona, bulugamu si mdani wa njuchi. Akachita maluwa zimakhuta, ndipo alimi a njuchi amadziwa zimenezi. Vuto ndi phiri lonse kukhala mtengo umodzi: phwando la masabata angapo, kenaka njala, ndipo pansi pake sipamera zambiri. Paini ndiye alibiretu timadzi ta njuchi, mungu wake umayenda ndi mphepo.

Choncho phunziro loyamba, mlangizi wa zankhalango kapena wa zaulimi akafika pamudzi, lisakhale la kukula kwa dzenje. Likhale la kalendala. Anthu akhale pansi, miyezi 12 ilembedwe papepala kapena pamchenga, ndipo afunsidwe kuti mwezi uno chimachita maluwa n'chiyani kuno. Mayankho ali kale ndi agogo, ofula uchi, asing'anga ndi anyamata oweta ng'ombe. Miyezi imene yatsala yopanda dzina la mtengo ndiyo iuze komiti zoyenera kufesa m'nazale. Phunziro lotere silifuna galimoto kapena ndalama za alawansi, ndipo limaika mwini mudzi pampando wa mphunzitsi. Mlangizi amabweretsa chimene mudziwo sunachione, monga mgwirizano wa duwa, mungu ndi chipatso, ndipo mudzi umabweretsa mayina ndi nyengo.

Poyambira palipo. Buku la Jessie Williamson la zomera zothandiza za dziko lino linatuluka mu 1955, n'kusindikizidwanso litawonjezeredwa mu 1975. Bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens lili ndi minda ku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu komwe ana asukulu angakaone mitengoyi ili ndi mayina ake. Ku Chitedze, Kristof ndi Stacia Nordin a Never Ending Food akhala zaka zambiri akuonetsa alendo kuti bwalo la nyumba likhoza kudzala ndi zomera zodyedwa, ndipo anasonkhanitsa mayina a zakudya zakuno mazanamazana. Makalabu a zachilengedwe a bungwe la WESM ali kale m'sukulu zambiri. Chosowa ndi kulumikiza zimenezi ndi nkhani ya mungu, kuti mwana wobzala mtengo adziwe chimene chidzatere pamtengowo.

Pakhomo nkhani imavutirapo chifukwa imakhudza ulemu. Bwalo losesedwa mbee ndi chizindikiro cha mayi waukhondo, ndipo womuuza kuti asiye zomera kuseri kwa nyumba amayankhidwa msanga: "Maluwa tidya? Nanga njoka?" Mayankho onse awiri ndi omveka, ndipo mphunzitsi wanzeru sawanyoza. Palibe akupempha kuti khonde likhale tchire. Akupempha kachigawo kamodzi, kotalikirako ndi khomo, komwe luni, denje, limanda, chewe ndi khobwe zingasiyidwe mpaka kuchita maluwa ndi kugwetsa mbewu. Zonsezi ndi ndiwo. Mphonda zoyanga pampanda zimatsegula maluwa oyera madzulo n'kudyetsa agulugufe ausiku. Mtengo umodzi wa matowo kapena nthudza pakona umasangalatsa ana ndi njuchi nthawi imodzi. M'matauni, komwe anthu amagula maluwa m'mbali mwa msewu, ogulitsa amasunga zomwe ogula amafunsa. Ofunsa mbande za muwale, mthethe kapena katope atachuluka, nazale zikhoza kusintha pasanathe nyengo ziwiri.

Kubzala kokha sikungathandize ngati mankhwala akupopedwa mwachisawawa. Mbozi zachilendo zowononga chimanga zitalowa m'dziko muno, mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017, mabotolo a mankhwala anafika ngakhale m'misika ing'onoing'ono. Mankhwala ngati cypermethrin ndi dimethoate sasankha: amapha mbozi, amaphanso njuchi. Njuchi zimakonda kutola mungu pangayaye za chimanga, ndipo m'madimba a tomato ndi mpiru zimakhala zili pantchito m'mawa, nthawi yomwe alimi ambiri amapopera. Malangizo ake ndi achidule moti angathe kukwana pakhoma la sitolo: kupopera madzulo njuchi zitabwerera, kupewa mbewu zomwe zili pamaluwa, kusatsuka mpope mumtsinje, ndi kudziwitsa mnansi amene ali ndi ming'oma. Wogulitsa mankhwala aliyense wovomerezeka ayenera kuwanena mawu amenewa popereka botolo. Maiko a European Union analetsa mu 2018 kugwiritsa ntchito panja mitundu itatu ya mankhwala otchedwa neonicotinoid pofuna kuteteza njuchi. Kuno zingayambire pa kungosintha ola lopopera.

Moto ndi mdani winanso. Tchire lotenthedwa pofuna mbewa m'mwezi wa Ogasiti kapena Seputembala limapsereza mapesi momwe njuchi zokhala pazokha zaikira mazira, limaphanso mphukira za mitengo. Ofula uchi ndi moto wa udzu amapha njuchi zomwe zikanawapatsa uchi chaka chamawa, ndipo mng'oma wa khungwa umatanthauza mombo umodzi wosendedwa mpaka kuuma. Tsiku la njuchi padziko lonse, lomwe bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2017 dziko la Slovenia litapempha, limakhala pa 20 Meyi. Kuno tsikuli limafika pabwino: zokolola zikulowa, moto sunayambe, sukulu zili m'kati. Mafumu atamaligwiritsa ntchito kukumbutsa malamulo a moto, lingakhale ndi phindu kuposa zikwangwani.

Mitengo yachilengedwe ili ndi mbiri yoti imachedwa, ndipo ina imachedwadi. Koma si yonse yofuna kufesa. Njira yosamalira zitsa, imene Tony Rinaudo anaitchukitsa ku Niger kuyambira mu 1983, ikuphunzitsidwa kale m'maboma angapo kuno: mlimi amasankha mphukira zochepa zamphamvu pachitsa, n'kusadza zotsalazo. Poti mizu ndi yakale, mtengo umakwera msanga kuposa mbande. Kumene zitsa zinazulidwa, mbewu zikadalipo kumanda, komwe nkhwangwa siifika wamba. M'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati nkhalango yachilengedwe yotsala ndi imeneyo, ndipo kutolako mbewu ndi nkhani yoyamba yadzera kwa amfumu ndi eni manda.

Masuku akusonyeza chifukwa chake maphunzirowa ayenera kukhala atsatanetsatane. Mbewu yake siisungika: ikauma kwa masabata ochepa yafa, kotero iyenera kufesedwa msanga chipatso chikangodyedwa, miyezi ya Novembala ndi Disembala pamene madengu ali mbwee m'misewu ya ku Dedza ndi Ntcheu. Mbande imakula bwino m'chubu mukasakanizidwa dothi lotapa pansi pa msuku waukulu, chifukwa mizu yake imadalira nkhungu za m'nthaka imeneyo. Ndipo msuku ulipo waumuna ndi waukazi. Wobzala umodzi akhoza kudikira zaka osalawa kanthu, ndipo wodula waumuna poti subereka amalanda waukazi mungu umene tizilombo tikanaubweretsa. Komiti yofuna masuku ibzale mbande zambiri pamalo amodzi, ndipo ikadzafika nthawi yopatulira isiyeko yaimuna ingapo pakati pa yaikazi.