Agogo a Pabenchi Aposa Mapulogalamu a Pafoni

Pali chiphunzitso chimene chafala m'misonkhano ya zaumoyo: poti madokotala a matenda a maganizo ndi ochepa, ndipo poti foni zafika ndi kumudzi komwe, vutoli lithetsedwe ndi mapulogalamu a pafoni. Ochilalikira amati kafukufuku anatsimikiza kale. Koma woleza mtima n'kuwerenga kafukufukuyo amapeza kuti zambiri ndi chikomekome cha mkuyu.

Mu 2017 ofufuza a ku America anayesa Woebot, pulogalamu yocheza ndi munthu polemberana naye mauthenga. Oyesedwawo analipo 70 okha, achinyamata a zaka 18 mpaka 28, ndipo kuyesako kunatenga masabata awiri basi. Gulu lina linapatsidwa Woebot, linalo linangopatsidwa kabuku kowerenga, ndipo mmodzi mwa olemba lipotilo ndi yemwe anayambitsa kampani yopanga pulogalamuyo. Masabata awiri! Nkhawa imene yadya munthu zaka zisanu ingayezedwe pa nthawi imene ngakhale ofedwa amakhala asanapukute misozi? Komabe lipotilo linatchulidwa ponseponse ngati umboni, mpaka pulogalamuyo inatsekedwa mu 2025.

Kafukufuku wina wa mu 2019 anaunika mapulogalamu 93 a mtundu umenewu, osati m'chipinda choyesera koma m'manja mwa anthu wamba. Anapeza kuti patatha masiku 30, mwa anthu 100 alionse amene anaika pulogalamu pafoni, pafupifupi atatu okha ndiwo ankaitsegulabe. Mankhwala amene odwala 97 amawataya mwezi usanathe sangatchedwe chipulumutso cha mayiko osauka. Nazonso zinsinsi sizisungika: mu 2023 boma la America linalamula kampani ya BetterHelp kulipira madola 7.8 miliyoni pa mlandu wopereka mbiri za ofuna uphungu kwa otsatsa malonda, kuphatikizapo Facebook.

Zonsezi zinachitika kumene anthu ali ndi magetsi, intaneti ndi Chingerezi. Nanga mayi wa ku Dedza, ku Katete kapena ku Angónia? Iye sanena kuti ali ndi matenda a maganizo. Amati mtima ukuthamanga, thupi likuphwanya, tulo tasowa, akuganiza kwambiri. Womumva ayenera kudziwa zimene zabisala kuseri kwa mawuwo: ngongole ya kubanki mkhonde, mwana amene anapita ku Joni n'kusiya kuimba foni, bambo amene amabwera ataledzera. Ndipo m'makomo ambiri foni ndi imodzi, yosunga bambo yemweyo. Kuuza mayi wotere kuti aulule zakukhosi pafoni imene usiku imagona m'thumba la womuzunza ndi kumuika pamoto.

Umboni wolimba uli pafupi, ku Harare. Dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006, n'kuphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika ndi chimene Mashona amachitcha kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira. Amakhala nawo pabenchi kunja kwa chipatala, n'kuwathandiza kumasula mavuto awo limodzilimodzi. Lipoti la mu 2016 m'magazini ya JAMA linakhudza anthu 573 m'zipatala 24. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa anthu 100 alionse amene anakhala pabenchi, pafupifupi 14 ndiwo anali ndi zizindikiro za kukhumudwa kwakukulu, pamene mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse analipo theka lathunthu. Njirayi yayesedwanso ku Malawi.

Apa si kunena kuti foni ndi mdani. Nthawi ya Covid-19 a Friendship Bench omwewo anayamba kupereka uphungu pa WhatsApp, ndipo mnyamata wa ku Mangochi amene ali yekhayekha ku Johannesburg angapepukidwe pomva mawu a kwawo. Koma kumeneko foni ikunyamula mawu a munthu, sikulowa m'malo mwake. Ofufuza amene amasakaniza ziwirizi, kaya mwadala kaya pofuna kukondweretsa opereka ndalama, akupatsa maboma chifukwa chosaphunzitsira aphungu ndi anamwino.

Aliyense wobwera ndi pulogalamu yatsopano ayambe wayankha funso ili pamaso pa anthu: munthu akalemba pakati pa usiku, m'Chichewa, kuti watopa nawo moyo, ndani amene adzawerenge, ndipo ndani adzagogode pakhomo pake? Ku Zomba ndi ku Chainama n'kutali.