Kudekha sikulowa m'malo mwa labotale

Sabata zingapo zapitazo bwana wina wa ku ofesi ina ya zamaphunziro anatsika chitunda cha Thabwa pa galimoto yozizira m'kati, nadzaima pamaso pa ana a kuno kuchigwa cha Shire amene mayina awo sanatuluke pa mndandanda wa okaphunzira udokotala. Pakati pa anawo panali mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene anakhoza MSCE ndi mapointi 14 pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi Ngabu. Bwanayo anawauza kuti asadandaule, chaka chimodzi si kanthu. Ati achigwiritse ntchito podzikonzekeretsa: adzipereke kuthandiza kuchipatala, aphunzire kompyuta, awerenge pa intaneti, kenaka adzayesenso. Anamaliza ndi mwambi woti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthu anaomba m'manja, poti kuno mlendo timamulemekeza. Ine manja anga anakana, ndipo mpaka lero mtima ukundiwawa.

Malangizo amenewa ndikudziwa kumene anawatola. Ku Britain ndi ku America mwana wofuna udokotala amatha kupuma chaka, n'kumatsatira dokotala m'chipatala, kulemba kalata yofotokoza chifukwa chimene akufunira ntchitoyi, kenaka n'kukaonekera pamaso pa omufunsa mafunso. Kumeneko zimenezi zimawerengedwa. Kuno mwana wochokera ku Folomu 4 amayezedwa ndi magiredi: Biology wapeza chiyani, Chemistry chiyani, Physics, Masamu ndi Chingerezi chiyani. Mwana wa mlongo wanga atakolopa wodi ya amayi pa chipatala cha Ngabu kuyambira Januwale mpaka Disembala, 4 wake wa Chemistry adzakhalabe 4. Atathandiza alangizi a zaumoyo kukweza ana sikelo m'midzi yonse ya kwa Lundu, 4 uja sasuntha. Ntchito zimenezi n'zabwino ndipo sindikuzinyoza, koma kumuuza mwana kuti zimutsegulira khomo la sukulu ya udokotala n'kumunamiza masanasana.

Chimene chingasinthe giredi n'kulembanso mayeso, ndipo chimene chingapangitse kuti kulembansoko kuphule kanthu ndi labotale. Mayeso a Biology, Chemistry ndi Physics ali ndi pepala lochita ndi manja. Mwana amayenera kusakaniza mankhwala m'timabotolo, kuona mtundu ukusintha, kuyeza mphamvu ya magetsi, kuyang'ana tsamba pa maikulosikopu. Mwana wa mlongo wanga zipangizo zimenezi anazigwira koyamba patatsala masabata ochepa kuti alowe m'chipinda cha mayeso. Zaka zinayi zonse ankaziona chojambula ndi choko pa bolodi. Ndiye mukamuuza kuti adikire chaka, adikire ali kuti? Abwerere pa bolodi lomwelo, choko chomwecho, n'kuyembekeza kuti ulendo uno zotsatira zisintha? Chaka chopanda labotale sichikonza kanthu, chimangomukalambitsa mwanayo.

Ndipo tisamayankhule ngati kudikira n'kwachilendo kwa ana athu. Aliyense amene analembapo MSCE akudziwa kuti kuchokera tsiku lotsiriza mayeso kufika tsiku lolowa m'kalasi ya kuyunivesite pamadutsa miyezi yambirimbiri. Chaka choyambacho anachidikira kale popanda wowafunsa. Chimene bwanayo ankawapempha ndi chaka chachiwiri, mwinanso chachitatu, chifukwa ukalembanso uyenera kudikiranso zotsatira ndi masankho.

Chaka cha ku Namiwawa kapena ku Area 47 si chaka cha ku Makhanga. Mwana wa m'tauni akalephera kusankhidwa, bambo ake amamulipirira sukulu yapulaiveti yokhala ndi labotale, amamupezera mphunzitsi wa madzulo, magetsi akazima pali sola, njala ikamupweteka pali tiyi. Mwana wa kuchigwa chaka chake chimayamba ndi dzuwa la Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapyola madigiri 40 ndipo usiku anthu amagona panja. Kenaka kumabwera madzi. Mu Januwale 2015 Shire ndi Ruo anasefukira, anthu a ku Makhanga n'kutsala pachilumba. Mu Malichi 2019 kunabwera namondwe Idai. Mu Januwale 2022 kunabwera namondwe Ana, amene anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lonse n'kukhala mumdima kwa nthawi yaitali. Miyezi iwiri isanathe kunabwera Gombe, ndipo mu Malichi 2023 Freddy anadzamaliza zotsala. Madzi akabwera, makalasi amasanduka misasa ya othawa, mabuku amapita ndi matope, milatho imaduka. Mwana amene mukumuuza kuti awerenge pa intaneti amakhala ali pa mzere wolandira ufa, foni yake yathima masiku anayi apitawo.

Ngakhale chaka chimene madzi atikhululukira, pakhomo salola kuti munthu wa zaka 19 azingokhala ndi buku. Mnyamata amapita kukadula nzimbe ku Nchalo, kapena amabwereka njinga n'kuyamba kabaza pa Bangula, ena amawolokera ku Mozambique kudzera pa Marka kukasaka maganyu. Poyamba amati n'zongoyembekezera, ndipeze ya mayeso. Pofika Juni mabuku aja adyedwa ndi chiswe. Mtsikana ndiye zake n'zoopsa kuposa apa. Amalima kudimba, amatola thonje, amasamala odwala, ndipo tsiku lililonse pamakhala azakhali ena omukumbutsa kuti anzake onse ali pabanja. Akabwera munthu wa ng'ombe zake kudzafunsira, m'nyumba mulibe chakudya, mukuganiza kuti makolo ayankha chiyani? Ine ndawaona atsikana anzeru kwambiri, amene ankatsogola m'kalasi kuyambira Sitandade 1, lero akugulitsa masawu m'mbali mwa msewu mwana ali kumbuyo. Palibe amene anasankha zimenezo. Anangouzidwa kuti adikire.

Ndikudziwa chimene anzathu ena ayankhe, chifukwa ndachimva kambirimbiri m'maminibasi ndi pa wailesi. Amati wakhama amakhoza paliponse. Amatchula mwana mmodzi wa sukulu ya kumudzi amene anapeza mapointi 6 chaka china, n'kumati mwaona, labotale si nkhani. Maganizo amenewa ndi aulesi ndiponso ankhanza. Munthu mmodzi akawoloka Shire chosambira ng'ona osamugwira, kodi timagwetsa mlatho wa Kamuzu pa Chikwawa n'kuuza onse kuti azisambira? Amene amalankhula zimenezi ana awo sawatumiza ku sukulu yopanda labotale kuti akaonetse khama lawolo. Amawasakira malo abwino, amagulitsa ngakhale puloti kuti alipire fizi. Khama amalifuna kwa mwana wa mnzawo basi. Enanso amati mwanayo angotenga unamwino kapena uphunzitsi, zonse ndi ntchito. Inde ndi ntchito, ndipo zolemekezeka. Sukulu ya anamwino ya Trinity ku Muona yatulutsa anthu amene apulumutsa miyoyo yosawerengeka kutsidya kwa Shire. Koma unamwino munthu aziusankha chifukwa choukonda. Chifukwa chiyani mwana wa ku Tengani ndiye aziuzidwa nthawi zonse kuti atsitse maloto ake, pamene wa ku Sunnyside akuuzidwa kuti ayesenso?

Musandimve molakwa, sindikulira kuti kota yosankhira ana kuyunivesite ibwerere. Inachotsedwa mu 2020, ndipo ngakhale pamene inalipo sinaike botolo ngakhale limodzi la asidi m'sukulu yoyendera ya kwa Ndamera. Sindikufuna kuti mwana wa mlongo wanga apatsidwe malo mwachifundo. Ndikufuna alowe m'chipinda cha mayeso atagwirapo zipangizo zimene mnzake wa ku Blantyre wakhala akugwira kuyambira Folomu 1. Akalephera pamenepo, ndidzakhala chete.

Nkhaniyi si ya banja langa lokha. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991, ndipo kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Zaka zoposa 30 dziko likuphunzitsa madokotala ake, koma pitani muone mizere ya odwala m'zipatala za kuno. Wodwala wa ku Nsanje akafunika dokotala wa ukatswiri, ayenera kugwedezeka mu ambulansi makilomita pafupifupi 180 mpaka ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre, ndipo ena amatsirizika asanakwere Thabwa. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, chigwa chino sinachilambalale. Ambiri otumizidwa kudzagwira ntchito kuno amafika akuwerenga kale masiku oti asamuke. Kutentha kumawagonjetsa, udzudzu umawagonjetsa, ndipo sindiwaweruza. Amene angakhazikike ndi mwana wobadwira konkuno, amene amadziwa dzuwa lino, amene gogo wa ku Chididi akamafotokoza ululu wake m'Chisena amamva popanda womasulira. Mwana ameneyo ndi yemwe tikumutaya m'chaka chodikirachi.

Ngati a kumaofesi akukhulupiriradi kuti chaka chimodzi chingamukonze mwana, achipatse chakacho zipangizo. Sekondale zikuluzikulu za boma ku Chikwawa, Ngabu, Bangula ndi Nsanje zilipo. Kumene kuli labotale, itsegulidwe masana ndi Loweruka kwa ana obwereza amene anatsala pang'ono kufika. Kumene mankhwala anatha, agulidwe. Aphunzitsi a sayansi alipidwe pa maola owonjezerawo, ndipo atsikana ochokera kutsidya, ku Muona, Makhanga ndi Makhuwira, apezeredwe pogona kuti mvula ikadula msewu asaphonye maphunziro. Ndalama ya mafuta ndi malawansi imene inapita pa ulendo umodzi uja wodzatiphunzitsa kudekha ikanagula timabotolo tingati?

Mwana wa mlongo wanga walembetsanso mayeso. Amayi ake agulitsa mbuzi ziwiri mwa zitatu zimene zinatsala Freddy atadutsa. M'mawa amalima kudimba, masana amakhala pansi pa mtengo wa nimu ndi buku la Chemistry lobwereka, lopanda chikuto. Dzulo anandifunsa kuti, "Amalume, kodi mankhwala aja akamati asanduka pinki, amakhala pinki wotani?" Ndinalibe choyankha, ndipo bwana uja anali atakwera kale Thabwa.