Zamakono zopanda muyeso zitigwetsa chagada

Pa msika wa Bwanje, m'mbali mwa msewu wochoka ku Salima kupita ku Balaka, pali liwu limodzi lomwe limathetsa mkangano ulionse. Wogulitsa mbewu akangoti "iyitu ndi yamakono," mlimi amasiya kunenerera n'kuyamba kumasula mfundo ya chitenje. Liwuli talisandutsa chiweruzo cha bwalo: chamakono n'chabwino, chamakolo n'cha anthu otsalira. Ine ndikuti bodza, ndipo mboni yanga ndi Chingerezi chomwecho chimene timachigwadira.

Liwu loti "modern," lomwe tidalimasulira kuti zamakono, lidachokera ku liwu la Chilatini loti "modo," kutanthauza posachedwapa. Silinena za ubwino, kulimba kapena nzeru. Limangotchula nthawi, monga agogo akamadandaula kuti makono mvula ikuchedwa. Nalo "modo" ndi mphukira ya "modus," kutanthauza muyeso. Pa tsinde lomweli ndi pomwe padamera "moderate," kuchita zinthu mosapyola muyeso, ndi "modest," munthu wosadzitukumula. Ndi ana a mimba imodzi amenewa. Ife tidalandira mmodzi ndi nthungululu, abale akewo n'kuwatsekera kunja kwa mpanda.

Zotsatira zake zili m'nkhokwe. Azakhali anga chaka chilichonse amasankha zitsononkho zonenepa za chimanga cha makolo n'kuzipachika kudenga la khitchini kuti utsi uziteteze. Anzawo adawaseka kuti ndi achikale. Koma chimanga chawocho n'cholimba njere, sichiphwanyika mumtondo, ndipo anankafumbwe amachivutikira. Mbewu ya m'sitolo imabereka kwambiri, sindikukana, koma imafuna kugula chaka ndi chaka, imafuna feteleza, ndipo ukakolola imafunanso mankhwala osungira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa zonsezi udakwera limodzi. Kenaka ng'amba ya 2024 idachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Amene adatayiratu mapira, mawere ndi chinangwa poopa kutchedwa wotsalira adasowa pogwira.

Wina ati ndikufuna tibwerere ku nyanda. Ayi ndithu. Akatswiri ofufuza za ulimi a ku Chitedze adamva dandaulo la amayi loti chimanga cha haibulidi chimathera m'gaga posinja ndipo chimafumbwa msanga, ndiye mu 1990 adatulutsa MH17 ndi MH18, mbewu zobereka kwambiri koma zolimbirako njere ngati zamakolo. Amenewo adayeza chatsopano ndi mtondo wa mayi wa kumudzi, ndipo alimi adazilandira. Kumunsi kwa chigwa cha Bwanje, mbali ya Dedza, kuli sikimu ya mpunga ya mahekitala 800 yomwe idamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan. Ngalande zake n'zamakono ndithu, koma mtsinje wa Namikokwe ukaphwera m'chilimwe madzi sankafika m'minda yambiri, mpaka padafunika damu lomwe lidamangidwa ndi ndalama za European Union. Simenti siidabereke madzi. Padafunika kuyeza kaye zomwe mtsinje ungakwanitse.

Mlandu ndikuupereka kwa ife odziwa kuwerenga: andale, amabungwe, alangizi, ngakhale ife olemba m'nyuzipepala. Chiyambire makuponi a feteleza mu 2005, mpaka pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP ya mu 2020, ulimi wamakono tidaufinyira m'thumba limodzi la makilogalamu 50. Pa msonkhano wandale palibe amene amaomberedwa m'manja chifukwa chotchula manyowa, nandolo kapena kasinthasintha wa mbewu, ngakhale nandolo amabwezera chonde m'nthaka popanda kuponi. Timalankhula ngati pali njira ziwiri zokha, kukhala mzungu kapena kukhala mbuli. Pakati pake, pomwe pali muyeso, pomwe mlimi amadzala ekala ya haibulidi n'kusunga mizere ya mapira ndi mbatata, sitipatchula chifukwa sipamveka bwino pa wailesi.

Makolo athu sadadikire Chilatini kuti adziwe zimenezi. Adati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Ndiye inu a ku Bwanje, ku Sharpevale ndi ku Kasinje, wina akakuuzaninso kuti chinthu n'chamakono, muvomereni kuti mwamva, wangokuuzani tsiku lomwe chidabadwa. Kenaka mumufunse chomwe wabisa: chidya ndalama zingati pachaka, chipirira dzuwa la m'chigwa muno, ndipo chaka chomwe kuponi sidzabwera mudzadya chiyani? Akayamba kukanda m'mutu, mangani mfundo ya chitenje chanu.