Mafuta a agogo ndi timabotolo tonunkhira

 Lero sindikamba za mayeso kapena za malipiro ochedwa. Ndikamba za mafuta odzola, ndipo musaseke, chifukwa nkhaniyi yandikhudza.

Sabata yatha mayi wina amene timaphunzitsa naye analowa mu staff room mikono ili psuu, ngati waithira madzi otentha. Titamufunsa anatulutsa kabotolo ka mamililita 10 ka mafuta a lemongrass. Anagula pa WhatsApp kwa mtsikana amene ine ndemwe ndinamuphunzitsa Biology. Anamuuza kuti mafutawo amathamangitsa udzudzu ndipo ndi achilengedwe, choncho alibe vuto. Mayiwo anapaka momwemo osasakaniza ndi china chilichonse. Usiku wonse sanagone.

Ndinachita manyazi. Mtsikanayo si wakuba ayi, akungoyesetsa kuti apeze ya ndiwo ntchito zikusowa chonchi. Koma anakhala m'kalasi mwanga zaka ziwiri, ndipo anatuluka osadziwa kusiyana kwa mafuta a mitundu iwiri. Mlandu wina ndi wanga.

Mtundu woyamba ndi umene amalonda amautcha essential oil. Awa ndi mafuta a fungo lamphamvu amene amachotsedwa m'masamba, m'maluwa kapena m'makoko, kawirikawiri pogwiritsa ntchito nthunzi. Mulu waukulu wa masamba a bulugamu umangotulutsa tochepa, ndiye dontho limodzi limakhala ndi ukali wa masamba ambiri. Mtundu wachiwiri ndi carrier oil, mafuta osungunulira. Awa amafinyidwa ku njere: mpendadzuwa, mtedza, kokonati, nsatsi, chammwamba, malambe. Ntchito yake ndi kuchepetsa ukali wa oyamba aja ndi kuwamwaza bwino pakhungu.

Mukukumbukira kuyesa zakudya pa pepala? Mukadontheza mafuta a mpendadzuwa, banga lake limakhalapo mpaka mawa. Mukadontheza a bulugamu enieni, pakapita kanthawi pepala limauma, chifukwa amauluka. Kuyesa komweku kungakuuzeni ngati wogulitsa wakusakanizirani ndi mafuta ophikira nkukulipiritsani mtengo wa mafuta enieni.

Maganizo anga ndi awa: pa mafuta awiriwa, ofunika kwambiri ndi osungunulira aja, ngakhale kuti ndi otchipa ndipo alibe fungo lokopa. Ife tatembenuza zinthu. Timathamangira kabotolo kodula kochokera ku Johannesburg kapena ku Dubai, nkumanyoza zimene zili kuseri kwa nyumba.

Agogo anga ankakazinga nsatsi, nkusinja, nkuwiritsa m'madzi, kenaka nkuyengula mafuta oyandama pamwamba. Ankatipaka m'miyendo nthawi ya chisanu cha June khungu likamatuwa. Sankadziwa dzina la ricin, chiphe chimene chili mu njere za nsatsi, koma ankatikalipira tikaika njere m'kamwa. Sayansi ikuvomereza zimene ankachita: chiphecho sichisungunuka m'mafuta, chimatsalira m'zotsalira zofinyidwa, ndipo kutentha kumachiononga. Apa mpamene ndimatsutsana ndi mawu oti chachilengedwe sichipweteka. Nsatsi ndi yachilengedwe. Chitedze nacho nchachilengedwe, koma palibe amene amachidzola.

Dzina loti aromatherapy linatchuka ndi katswiri wa Chemistry wa ku France, René-Maurice Gattefossé, amene anatulutsa buku lake mu 1937. Masiku ano anthu amene anaphunzira bwino ntchitoyi sapaka mafuta onunkhira osasungunula. Muyeso wodziwika wa munthu wamkulu ndi 1 kapena 2 peresenti. Aphunzitsi a masamu, tithandizeni apa: mililita imodzi ndi madontho pafupifupi 20, ndiye sipuni ya tiyi ya mamililita 5 ili ndi madontho 100. Peresenti 2 ndi madontho awiri okha mu sipuni yodzadza ya mafuta osungunulira. Mafuta a lemongrass ndi aukali kwambiri chifukwa cha citral, moti safunika kufika ngakhale peresenti imodzi. Mnzathu uja anapaka 100 peresenti.

Ena amati, ndithira m'madzi osamba. Kodi mafuta ndi madzi zinayamba zasakanikirana? Madonthowo amayandama pamwamba ndi ukali wawo wonse, nkukakamira pakhungu. Enanso amamwa. Mafuta a bulugamu ngakhale ochepa angathe kukomola mwana wamng'ono akawameza. Ambiri tinafukiza masamba a bulugamu mu 2021 nthawi ya Covid-19, koma tsamba la mu mphika ndi mafuta a m'kabotolo ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Nawo mafuta osungunulira safanana. Mu 2005 kafukufuku wa m'chipatala china ku Dhaka, Bangladesh, anaonetsa kuti ana obadwa masiku asanakwane amene ankapakidwa mafuta a mpendadzuwa ankatenga matenda mocheperapo. Mu 2013 ofufuza a ku Sheffield, England, anapeza kuti mafuta a olive, amene timawaona ngati a anthu olemera, amafooketsa khungu la pamwamba akapakidwa kwa milungu inayi, pamene a mpendadzuwa sanatero. Chifukwa chake nchakuti a mpendadzuwa ali ndi linoleic acid wambiri, amene khungu limamufuna. Sindikuti mutenge mafuta ophikira mukapake khanda popanda kufunsa achipatala. Ndikungoti mtengo si umene umanena ubwino wa mafuta.

A kokonati ndi abwino kumiyendo ndi kutsitsi, koma kumaso amatha kuonjezera ziphuphu kwa ena. A mtedza asayandikire munthu amene mtedza umamuwenga. A nsatsi ndi okhuthara, amafuna kusakaniza ndi opepuka. A malambe, ochokera ku njere zimene ana a ku Mangochi ndi ku Chikwawa amalavula akamaliza kubwira, amalowa bwino pakhungu ndipo akunja amawagula, koma ndi odzola, osati okazingira. Ndipo onsewa amaonongeka akakhala padzuwa kapena pamphepo. Akayamba kununkha ngati mtedza wakale, atayeni. Botolo lakuda, lotseka bwino, pamalo pozizira, ndiye mankhwala ake.

Pali anzanga amene akuti izi nzachibwana, tisiye atsikana azichita geni yawo. Ine ndikuti geniyo ndi yabwino, ndipo ndikuikonda kuposa ya mafuta oyeretsa khungu okhala ndi mercury kapena hydroquinone amene aononga nkhope zambiri m'misika yathu. Nchifukwa chake ndikufuna ichitike molongosoka. Kasitomala mmodzi akapsa, mbiri imafika mudzi wonse, ndipo geni imathera pomwepo.

Kwa inu ana anga ogulitsa: lembani pabotolo zimene zilimo, tsiku limene munapanga, ndi muyeso wake. Musagulitse kabotolo konunkhira popanda kufotokoza za mafuta osungunulira. Muuzeni wogula ayese kaye pang'ono mkati mwa mkono, adikire tsiku lathunthu. Musalonjeze kuchiza matenda. Lemongrass sangalowe m'malo mwa neti, ndipo malungo amafuna chipatala. Amayi oyembekezera ndi makanda asiyeni kwa anamwino.

Kwa anzanga a choko: phunziro la mafuta tisamangolithera pa bolodi. Tibweretse mtedza, nsatsi ndi masamba a bulugamu m'kalasi, ana adontheze pa pepala, awerengere okha maperesenti.

Mtsikana uja ndinamuimbira foni. Poyamba anakhumudwa, kenaka anati, "Aphunzitsi, bwanji simunatiuze izi tili Fomu 3?" Ndinalibe yankho. Loweruka akubwera kunyumba ndi timabotolo take, ndipo ine ndagula kale lita ya mafuta a mpendadzuwa ndi sipuni ya tiyi.