Batani Laulemu pa Makina Olipirira

Tinali m'sitolo ya nsapato ku Johannesburg, ine ndi mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ya unamwino ku Manchester. Unatikumanitsa ndi ukwati wa wachibale. Iye anabwera pa ndege, ine pa basi kudzera pa Mwanza, Tete ndi Beitbridge, msana uli gwa. Ataona nsapato zimene ndinavala anapukusa mutu, n'kunena kuti malume ake sakalowa nazo m'tchalitchi.

Polipira nsapato zatsopano, makina olipirira anamufunsa ngati akufuna kulipira mu marandi kapena mu mapaundi. Ine, monga wamkulu wodziwa zinthu, ndinamunong'oneza kuti asankhe mapaundi, poti ndiyo ndalama imene amalandira ndipo adziwiratu zimene zachoka.

“Ayi malume, batani limenelo ndi msampha,” anatero akudina pa marandi.

Anandifotokozera tili panja, ndipo manyazi anandigwira pang'ono. Mukasankha ndalama ya kwanu, mwapereka mphamvu yosintha ndalamayo kwa kampani ya makina a m'sitolomo. Iyo imaika mtengo wosinthira umene yafuna, n'kuwonjezerapo phindu lake, ndipo kawirikawiri mwini sitolo amanyemeredwako. Zimenezi a mabanki amazitcha Dynamic Currency Conversion. Mukasankha ndalama ya eni dziko, amasintha ndi a Visa kapena a Mastercard, amene mitengo yawo amaiika poyera pa intaneti tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zambiri imakhala yabwinoko. Malamulo a makampani awiriwa amanena kuti wosankha ndi mwini khadi. Tsono wogulitsa akafuna kukudinirani mwachangu, m'gwireni dzanja mwaulemu.

Chimene chimandipweteka n'chakuti batani lodulalo ndi lomwe limaoneka laubale. Munthu uli kwa eni, watopa, masamu a marandi akukuzunguza mutu, ndiye makina akukulankhula m'ndalama imene umaidziwa. Ungakane bwanji? Funso lomweli limabweranso pa ATM ndi pa hotela, pomwe ndalama zake zimakhala zochuluka.

Koma kusankha marandi sikuti kwatha. Banki yanu nayo ili ndi pake podyera. Mabanki ambiri a ku Britain amadula pafupifupi 3 peresenti pa chilichonse chogulidwa m'ndalama yakunja. Pa nsapato imodzi simungamve kuwawa. Tinene kuti ulendo wonse, malo ogona, chakudya ndi mphatso za kumudzi, wadya R20,000. Pamenepo R600 yapita popanda chimene mwanyamula. Mwana wa mlongo wangayu amayenda ndi khadi lapadera la maulendo. Kumene amakhalako alipo makhadi monga Halifax Clarity ndi la Starling amene salipiritsa kanthu munthu akagula zinthu kunja, ndipo khadi lake la masiku onse amalisiya pansi pa chikwama, longodikira tsiku la tsoka.

Chinthu chimodzi amachipewa ngati mliri: kutapa ndalama pa ATM ndi khadi la ngongole. Makhadi ambiri a ngongole amakupatsani masabata angapo opanda chiwongoladzanja mukagula katundu, koma mukatapa ndalama chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwelo, ndipo ambiri amadulanso ina ya kutapako. Mwini ATM nayenso akhoza kudula yake. Akafuna ndalama za minibasi ndi za kumsika, amatapa kamodzi ndi khadi la ndalama zake zomwe, m'malo mobwerera ku makina tsiku lililonse.

Ife a kumudzi kuno nkhani yathu ili ndi mfundo yakeyake. Ambirife makhadi athu si a ngongole, amangotapa zimene zili mu akaunti. Ndipo chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, mabanki akhala akuika malire pa zimene khadi lingalipire kunja kwa dziko. Choncho musanakwere basi, pitani ku banki mukafunse ngati khadi lanu n'lotsegulidwa kugwira ntchito kunja, malire ake ndi angati, ndiponso amadula zingati pa kugula ndi pa kutapa. Afunseninso ngati marandi amayamba asinthidwa kukhala madola asanakhale makwacha, chifukwa ndalama ikasinthidwa kawiri imanyenyeka kawiri. Musakhutire ndi yankho lakuti “ndi kochepa chabe, bwana.” Akuuzeni nambala.

Dziwaninso kuti mtengo wosinthira umene amagwiritsa ntchito nthawi zambiri ndi wa tsiku limene malipiro akonzedwa m'mabuku, lomwe likhoza kukhala masiku angapo mutagula kale. Ife amene tinaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tikudziwa zimene tsiku limodzi lingachite.

Usiku wa ukwatiwo, pa hotela, wolandira alendo anatembenuzira makina kwa mwana uja atadina kale pa mapaundi. Ndinalankhula ndine, mawu ali okwera kuposa mmene ndinafunira, kuti afafanize ayambirenso. Mnyamatayo anandiyang'ana, n'kuyang'ana nsapato zanga zatsopano, kenako anafafaniza.