Wophunzira Amene Anakhalira Pansi Njoka

Mwezi uno tikambeko za ana athu amene amaliza sekondale ndipo akufunsa kolowera. Makolo ambiri akamva kuti mwana wasankha uinjiniya wa makina amagwa mphwayi, poganiza kuti adzathera moyo wake kunsi kwa galimoto, manja ali bii ndi girizi. Umakaniko si ntchito yonyozeka, ndipo tonse timaufuna chigayo chikaima. Koma maphunziro amenewa ali ndi njira inanso imene sitchulidwa kawirikawiri, ndipo tiione mwa munthu mmodzi wa ku Japan, Shigeo Hirose.

Iye anabadwira ku Tokyo mu 1947. Mu 1971 anatsiriza maphunziro a uinjiniya wa makina pa Yokohama National University, nasamukira ku Tokyo Institute of Technology kukachita kafukufuku pansi pa mphunzitsi wake, Yoji Umetani. Funso limene anatenga linali looneka lachibwana: kodi njoka, yopanda miyendo, imayenda bwanji? Ife kuno tikaona njoka timathamangira ndodo, ndipo sitikunena kuti tileke. Koma mnyamatayu anasunga njoka zamoyo, naziyang'anitsitsa, nayeza mapindidwe a thupi lake.

Zimene anapeza ndi izi. Thupi la njoka limatereka mosavuta chakutsogolo, koma limakana kutereka cham'mbali. Tsono ikamadzipinda motsatizana kuyambira kumutu mpaka kumchira, nthiti zake zimakankha nthaka cham'mbali, nthakayo imakana, ndipo mphamvu yonse imathera pa kuisuntha kupita kutsogolo. Hirose analemba masamu a mapindidwe amenewa. Mu 1972 anapanga loboti yotchedwa ACM III, yotalika mamita awiri, yokhala ndi mfundo 20, mfundo iliyonse ndi mota yake. Kunsi kwake anaikako timawilo timene sitinkayendetsedwa ndi mota ayi. Ntchito yake inali kungolola kutereka chakutsogolo ndi kukaniza cham'mbali, monga mimba ya njoka. Chitsulo chija chinakwawadi, pafupifupi masentimita 40 pa sekondi.

Taonani kuti chinsinsi chake sichinali m'kompyuta. Chinali m'zinthu zimene wophunzira makina amayamba nazo m'zaka zoyambirira: kukhulana kwa zinthu, mphamvu ya chitsulo, magiya, mfundo ndi masamu. Achinyamata athu amaganiza kuti khomo la maloboti ndi foni ndi intaneti. Limenelo ndi khomo limodzi chabe, ndipo ife tikuona kuti loboti yopanda thupi lolimba ndi yachabe ngakhale itachenjera chotani.

Komabe tisabise kutalika kwa ulendowu. Hirose analandira digiri ya udokotala mu 1976, patapita zaka zisanu chitsirizire digiri yoyamba. Anagwira ntchito ngati wothandiza pa kafukufuku kufikira 1979, nakhala wachiwiri kwa pulofesa zaka 13, ndipo upulofesa weniweni anaupeza mu 1992. Kuchokera 1971, zimenezi ndi zaka 21. Banja la ku Angónia limene lagulitsa mbatatesi ndi ng'ombe kuti mwana aphunzire uinjiniya pa Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo liyenera kuuzidwa zimenezi poyera lisanavomere. Ang'ono ake akudikira fizi, ndipo malipiro a wofufuza wongoyamba kumene sakhala ambiri. Mwana wofuna njira imeneyi afunefune thandizo la ndalama za maphunziro, aphunzire Chingerezi pamwamba pa Chipwitikizi, ndipo asachite manyazi kuyamba wagwira ntchito zaka zingapo. Makolonso asamuyese waulesi chifukwa choti akadali ndi mabuku anzake atamanga kale nyumba zamalata.

Mwina wina afunsa kuti njoka yachitsulo itithandiza chiyani ife. M'zaka za m'ma 2000, gulu la Hirose linapanga makina otchedwa Gryphon: kagalimoto ka mawilo anayi kokhala ndi mkono wautali wonyamula chipangizo chofufuzira mabomba okwiriridwa pansi, kuti munthu aime patali. Anakayesa ku Croatia ndi ku Cambodia. Nkhani ya mabomba amenewa sitichita kuimva kwa ena. Nkhondo yathu inatha mu 1992, koma dziko la Mozambique linalengezedwa kuti lachotsa mabomba m'malo onse odziwika mu September 2015, patapita zaka 23. Ntchito yaikulu inagwiridwa ndi amuna ndi akazi ogwada padzuwa, akufukula nthaka pang'onopang'ono, mothandizidwa ndi agalu ndi makoswe ophunzitsidwa a bungwe la APOPO. Chimene chimavutitsa makina pa malo otere ndi udzu wautali, miyala, matope, fumbi lolowa m'magiya, ndi kusowa kwa zipangizo zosinthira china chikathyoka kutali ndi tauni. Onsewa ndi mafunso a uinjiniya wa makina, ndipo mwana amene anakulira pa ngolo ndi njinga m'misewu ya ku Tsangano amawadziwa asanatsegule buku.